Nyimbo Imodzi Sachezera Gule: Kupukwa ndi Mantha mu Stranger Things

Pa 31 Disembala 2025 kampani ya Netflix idaulutsa ndime yomaliza ya Stranger Things, sewero la pakanema lomwe amapasa awiri, Matt ndi Ross Duffer, adaliyambitsa pa 15 Julayi 2016. M'zaka 9 seweroli lidatuluka m'zigawo 5, zokhala ndi ndime 42 zonse pamodzi. Nkhani yake ikuchitikira m'tauni yopeka ya Hawkins, m'dera la Indiana ku America, kuyambira mu 1983 mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndi nkhani ya ana amene akulimbana ndi zilombo zochokera ku dziko lina lotchedwa Upside Down, ndiko kunena kuti dziko lachadodolido. Tsopano poti gule watha ndipo ng'oma zapachikidwa, nthawi yakwana yoti tiliweruze lonse lathunthu.

Aliyense amene adalionera amavomereza kuti seweroli limabwerezabwereza. Mkangano uli pa tanthauzo la kubwerezako. Oliikira kumbuyo ali ndi yankho lomwe kwa ife ophunzira ziyankhulo ndi zolembedwa za mu Africa limamveka lokoma m'khutu: amati kubwereza ndiwo msana wa nkhani zapakamwa, ndipo wodandaula nako sadziwa nthano. Yankho limeneli ndikulikana. Ganizo langa ndi lakuti seweroli lidafuna zinthu ziwiri zosamwerana madzi, kuopseza oonera ndi kuwatonthoza ndi zakale, ndipo pamene lidayenera kusankha lidasankha kutonthoza. Zimene zimabwerezedwa chigawo ndi chigawo ndizo zida zomwe olemba adazulira mano a mantha.

Chikombole pachokha si mlandu

Tiyambire pamene tikugwirizana. Zinthu zozolowereka zimene nkhani za mtundu umodzi zimabwerekana, monga nyumba ya mizukwa, mwana wa mphamvu zachilendo, kapena wapolisi chidakwa amene akubisa chisoni, m'nkhani ino ndizitcha zikombole, potengera chikombole choumbira njerwa. Mmisiri sanyozedwa chifukwa chakuti njerwa zake n'zofanana. Amanyozedwa nyumba ikapendama. Vladimir Propp adasonyeza mu 1928 kuti nthano zamatsenga za ku Russia zimayenda pa zochitika 31 zokha, zotsatana mwa dongosolo limodzi. Milman Parry ndi Albert Lord, atamvetsera alakatuli apakamwa a ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930, adapeza kuti woyimba ndakatulo yaitali amaimanga ndi timagulu ta mawu tokonzeratu, mfundo yomwe Lord adaitambasula m'buku lake la 1960, The Singer of Tales. Kwathu kuno mwana aliyense amadziwiratu kuti Kalulu apusitsa Fisi, komabe amavomera "Tili tonse" ndi mtima wonse. Choncho kubwereka zikombole si mlandu umene tikuwazenga abale a Duffer. Tikufunsa chimene adamanga nazo.

Chigawo choyamba chidamanga nyumba yooneka. Pafupifupi chilichonse m'menemo n'chobwereka. Ana apanjinga obisa mlendo wodabwitsa m'nyumba ndi a mu E.T., kanema wa Steven Spielberg wa 1982. Mtsikana wa mphamvu zachilendo wothawa m'manja mwa boma ndi wa mu Firestarter, buku la Stephen King la 1980. Mayi woyankhula ndi mwana wake wosowa kudzera mu zipangizo zamagetsi ndi wa mu Poltergeist wa 1982, ndipo ana oyenda m'njanji ndi a mu Stand by Me wa 1986. Komatu olemba ankadziwa kuti oonera akuzidziwa zimenezi, ndipo ankasewera nacho chidziwitsocho. Pamene mu E.T. njinga zimauluka kudumpha anthu a boma, ku Hawkins galimoto ya anthu a boma ndiyo imagubuduzika m'malere, ndipo timazindikira kuti mphamvu ya mtsikana Eleven ndi yakupha. Steve, mnyamata wodzimva amene chikombole chimalamula kuti afe kapena achite manyazi, amabwerera kudzamenya chilombo. Joyce, amene anthu akumuyesa wozungulira mutu, ndiye akunena zoona. Koposa zonse, mdani wamkulu ndi boma la America lenilenilo. Zimene madokotala a boma adachita kwa mayi ake a Eleven zatengedwa ku MKUltra, ntchito yachinsinsi ya CIA yomwe idayamba mu 1953, yoyesa mankhwala osokoneza ubongo pa anthu, ndipo idaululika m'zaka za m'ma 1970. Apa chikombole chidagwira ntchito yake: chidatiyembekezetsa china n'kutipatsa china.

Zikombole zinayi zozula mano

Kuyambira chigawo chachiwiri cha 2017 seweroli lidayamba kudzibwereka lokha, ndipo zikombole zinayi zidakhazikika.

Choyamba ndi kutcha dzina. Ana amatenga dzina m'masewera a Dungeons & Dragons n'kupatsa chilombo: Demogorgon m'chigawo choyamba, Mind Flayer m'chachiwiri ndi chachitatu, Vecna m'chachinayi ndi chachisanu. Akatswiri a ziyankhulo amadziwa kuti anthu amazemba dzina la chinthu chimene akuchiopadi. M'Chirasha chimbalangondo chimatchedwa medved, kutanthauza "wodya uchi", ndipo ambiri amakhulupirira kuti dzina lake lakale lidasiyidwa chifukwa cha mantha. M'chigawo choyamba dzina la Demogorgon linali lachibwana, losonyeza kuperewera kwa mawu a ana pamaso pa chinthu chosaneneka. M'chigawo chachiwiri dzina lidasanduka malangizo: Dustin amatsegula buku la masewera, amafotokoza chimene chilombo chikufuna ndi mmene chimalamulira tizilombo take, ndipo nkhani imamuvomereza. Chilombo cha malamulo odziwika chili ngati funso la masamu. Chimazunguza mutu, koma sichiimitsa tsitsi.

Chachiwiri ndi mlendo wansembe. Barb, mnzake wa Nancy, adaoneka m'ndime zochepa n'kudyedwa. M'chigawo chachiwiri kudabwera Bob Newby, munthu wofatsa wokondana ndi Joyce, ndipo zilombo zidamukhadzula atangopulumutsa anzake. M'chachitatu kudabwera Alexei, wasayansi wa ku Soviet Union wosekerera ngati mwana, ndipo adawomberedwa pabwalo la zisangalalo. M'chachinayi kudabwera Eddie Munson, ndipo adafa ataimba gitala nyimbo ya Metallica pamwamba pa nyumba. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma ku Hawkins mwambiwu udasanduka lamulo la olemba. Nkhani yoopsa ili ndi ngongole ya imfa imene iyenera kubweza, ndipo seweroli limalera mlendo, kumukometsa kuti timukonde, n'kumupereka ngati mbuzi ya chindapusa kuti eni mudzi asakhudzidwe. Woonera wachidwi atangoona Eddie akuseketsa anthu m'ndime yoyamba ya 2022 adadziwiratu kuti manda ake akumbidwa kale.

Chachitatu ndi imfa yabodza. Mtembo wa Will wovuulidwa m'madzi udapezeka kuti ndi chidole chodzaza thonje. Eleven adasowa pamodzi ndi chilombo kumapeto kwa chigawo choyamba, n'kutulukira m'chachiwiri. Dokotala Brenner adagwidwa ndi chilombo mu 2016, n'kubwerera mu 2022. Hopper tidamulira mu Julayi 2019, kalata yake yotsazika ikuwerengedwa, koma mu Febuluwale 2020 Netflix yomweyo idamuonetsa ali moyo kundende ya ku Russia. Mtima wa Max udaima, Eleven n'kuudzutsa. Ngakhale m'ndime yomaliza olemba sadalimbe mtima kutseka chitseko: Eleven amaoneka kuti wadzipereka, kenaka Mike amafotokozera anzake mmene mwina adapulumukira. Imfa yabodza yoyamba inali ndi tanthauzo, pakuti inkasonyeza boma likunamiza mayi wofedwa. Poyamba boma ndilo linkanamiza Joyce ndi mtembo wa thonje. Pambuyo pake olemba ndiwo ankanamiza ife.

Chachinayi ndi mathero osasintha. Atengambali amagawikana m'timagulu titatu kapena tinayi, kagulu kalikonse kamapeza chidutswa cha chinsinsi, ndipo pomaliza zidutswa zimalumikizana pamene Eleven akutambasula dzanja, kukuwa ndi kukha magazi m'mphuno. Pa chiyankhulo pali chinthu chimene tingachitche kusuluka kwa tanthauzo. Mawu akuti "kuopsa" poyamba ankanena za chinthu chothawitsa munthu, koma lero timati mwana ndi wanzeru koopsa, ndiwo zakoma koopsa, ndipo palibe amene amanjenjemera. Mawu akasuluka, woyankhula amaunjika ena pamwamba: koopsa zedi, koopsa kwabasi. Seweroli lidachita chimodzimodzi. Magazi a m'mphuno atasuluka, chilombo chidakula kuchoka pa msinkhu wa munthu kufika podzaza nyumba ya masitolo, ndipo ndime zimene mu 2016 sizinkakwana ola limodzi zidatalika mpaka yomaliza ya 2022 idapitirira maola awiri. Kukweza mawu ndi chizindikiro chakuti mawuwo afooka.

Pamwamba pa zinayizi pali kasankhidwe ka akatswiri a zisudzo, komwe nakonso ndi kubwereka. Winona Ryder ndi Matthew Modine adatchuka m'zaka za m'ma 1980. Chigawo chachiwiri chidaitana Sean Astin wa mu The Goonies ndi Paul Reiser wa mu Aliens. Chachitatu Cary Elwes wa mu The Princess Bride. Chachinayi Robert Englund, amene adali Freddy Krueger mu A Nightmare on Elm Street, m'chigawo chomwe chilombo chake chimapha anthu m'masomphenya monga Freddy. Chachisanu Linda Hamilton wa mu The Terminator. Nkhope iliyonse yotere imauza woonera kuti, "Wandizindikira?" Munthu amene akusangalala kuti wazindikira nkhope watuluka kale m'nkhani, ndipo ali kunja sangachite mantha ndi za m'kati.

Mapanga awiri

Muzu wa vutoli umaoneka bwino tikayang'ana mawu awiri. Mawu akuti nostalgia adawapanga Johannes Hofer, wophunzira zaudokotala ku Basel, mu 1688, pophatikiza mawu a Chigiriki nostos, kubwerera kwanu, ndi algos, ululu. Linali dzina la nthenda ya anthu opukwa kwawo, makamaka asilikali a ku Switzerland ogwira ntchito kunja. Mu 1919 Sigmund Freud adalemba za mantha otchedwa unheimlich m'Chijeremani, mawu amene muzu wake ndi Heim, pakhomo: nthumanzi imene imabwera chinthu chapakhomo chikasanduka chachilendo. Mawu onse awiri akunena za kwanu. Kupukwa kumati bwerera kwanu ukapume. Mantha amati kwanu kuja si kwanunso. Akuluakulu adatichenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti seweroli lidali ndi chiphiphiritso chokwanira kuthana ndi msemphanowu. Dziko lachadodolido ndi Hawkins yemweyo, nyumba zomwezo ndi misewu yomweyo, koma zovunda ndi zoyangidwa ndi mitsitsi. M'chigawo chachinayi Nancy amalowa m'chipinda chake cha kudzikolo n'kupeza kuti nthawi idaima pa 6 Novembala 1983, tsiku limene Will adasowa. Tauni youmitsidwa pa tsiku limodzi lakale, yosakula, yongoola: palibe chithunzi cholongosola kupukwa kuposa ichi. Olemba akadatsata chithunzichi akadatiuza kuti kukakamira dzulo ndicho chilombo. M'malo mwake, m'chigawo chomwecho mankhwala ogonjetsera Vecna ndi nyimbo imene umaikonda ndi kukumbukira masiku okoma. Chiphiphiritso chikuti zakale zoumitsidwa zimavunda, pamene tsatanetsatane wa nkhani akuti zakale zimapulumutsa, ndipo malonda adatsata mawu achiwiriwa.

Tsono ndi zakale ziti zimene tikuuzidwa kuti tizipukwe? Fredric Jameson adalemba mu 1984 za makanema opukwa, monga American Graffiti wa 1973, amene amaonetsa nyengo yakale kudzera mu zovala, magalimoto ndi nyimbo, mbiri yeniyeni itachotsedwamo. Abale a Duffer adabadwa chaka chomwecho cha 1984, ndiye kuti pa tsiku limene Will adasowa iwo adali asanabadwe. Chimene amapukwa ndi makanema a zaka zija, osati zaka zenizenizo. Svetlana Boym, m'buku lake la 2001, The Future of Nostalgia, adasiyanitsa kupukwa kofuna kumanganso kwanu kotayika ndi kupukwa kolingalira, kovomereza kuti chotayika chatayika. Seweroli lidatsamira ku mtundu woyambawo, mpaka mu 2019 kampani ya Coca-Cola idabweza pamsika kwa kanthawi chakumwa cha New Coke, chomwe anthu adachikana mu 1985, pofuna kutsatsa limodzi ndi chigawo chachitatu. Ngakhale cholephera cha dzulo chidasanduka chokoma.

Taonani chimene chidasesedwa. Chigawo chachitatu chikuchitika mu 1985 ku Indiana. Chaka chomwecho, m'dera lomwelo, mnyamata wa zaka 13 wa ku Kokomo, Ryan White, adaletsedwa kubwerera kusukulu chifukwa adali ndi Edzi, yomwe adaitenga kudzera m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi. Makolo a ana anzake adamukana, ndipo banja lake lidasamuka mu 1987. Umu ndimo mantha ankaonekera m'tauni yaing'ono ya ku Indiana: mwana wodwala, ndi anansi osanduka zilombo. Chigawo chachitatu sichitchula kanthu za zimenezi. Chimatipatsa asilikali a Soviet Union okumba phanga pansi pa masitolo a Starcourt, oipa ngati a m'zojambula za ana, otengedwa mu Red Dawn wa 1984. Mlandu umene chigawo choyamba chidaika pakhomo pa boma la America udagawidwa ndi mdani wakunja. Pamene chigawo chachinayi chidafuna kuonetsa tauni ikusaka munthu wosalakwa, chidasankha mphekesera za usatana zonamizira osewera Dungeons & Dragons. Mphekeserazo zidachitikadi, koma ndi chizunzo chimene chimasangalatsa oonera, chifukwa ozunzidwawo ndi anthu okonda zimene iwo amakonda.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa kuyambira mu Januwale 2016, pamene Netflix idafalikira ku maiko ambiri kuphatikizapo a mu Africa, zaka za m'ma 1980 za ku Hawkins zimagulitsidwa ngati dzulo la munthu aliyense. Sindikupempha kuti sewero la ku Indiana likambe za Angola. Ndikungokumbutsa kuti m'miyezi yomaliza ya 1987, pamene chigawo chachisanu chikuchitika, mkangano wa America ndi Soviet Union unkapha anthu enieni kufupi ndi Cuito Cuanavale, boma la Reagan likuthandiza UNITA, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inkathamangitsira anthu ku Malawi mpaka adakwana pafupifupi miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Wophunzira wa ku Zomba, Lusaka kapena Harare amene akupukwa masitolo a Starcourt akulira maliro a eni, pamene akwawo sadawalire.

Yankho kwa oteteza

Tibwerere kwa amene akuti zonsezi ndi nthano chabe. Umboni wawo wamphamvu ungakhale nthano ya Asotho ya Kholumolumo, chilombo chimene chidameza anthu ndi ziweto zonse, kufikira mnyamata Senkatana adachipha n'kuching'amba pamimba, anthu n'kutuluka amoyo. Kodi imeneyi si imfa yabodza? Inde, koma nthanoyo siithera pomwepo. Anthu opulumutsidwawo amamulonga ufumu Senkatana, kenaka amamuukira ndi kufuna moyo wake, ndipo S.M. Mofokeng adamanga sewero lake la 1952, Senkatana, pa chilonda chimenechi. Nthano imabweza omezedwa, koma mtengo wake umagwera mwini nkhani, osati mlendo wodutsa. Chikombole chake chimatifikitsa pa choonadi chowawa chokhudza anthu. Komanso wofotokoza nthano amakhala maso ndi maso ndi omvera. Akaona kuti "Tili tonse" wayamba kuzilala, amasintha kapena amamaliza. Amabwereza pofuna kuti omvera atsatire. Kampani imene ikugulitsa zovala, zidole ndi zakudya zokhala ndi nkhope za atengambali imabwereza pofuna kuti nkhopezo zisafe. Kufanizira ziwirizi ndi kuchepsa agogo athu.

Chilungamo chikufuna kuti titchule pamene seweroli lidapambana ngakhale mochedwa. Ndime ya "Dear Billy" m'chigawo chachinayi, pamene Max, wolemedwa ndi imfa ya mchimwene wake wopeza, akuthawa Vecna nyimbo ya Kate Bush ya 1985 ikulira, ndi luso lenileni. Pamenepo chilombo ndi chisoni chimene chimakokera munthu kumanda, ndipo kwa mphindi zingapo tidakhulupirira kuti mtsikanayu atha kufa. Nyimboyo idafika pa nambala 1 ku Britain mu Juni 2022, patapita zaka 37 chiitulutsireni. Koma ndime imeneyi ikutsimikiza mfundo yanga. Idagwira mtima chifukwa munthu wapakati pa nkhani adali pangozi yeniyeni, chinthu chimene seweroli limachipewa. Ndipo olemba ataona kuti nyimboyo yakoma, adaibwereza mpaka idasuluka.

Kwa ophunzira amene akusanthula nkhani za pakanema, ndi kwa alembi athu amene akuyesa kulemba nkhani zoopsa m'ziyankhulo zathu, muyeso wa chikombole ukhale uwu: kodi pa kubwera kwake kwachiwiri chikutanthauza zimene chidatanthauza poyamba, kapena zoposa? Kodi ndani akulipira mtengo wake m'nkhani? Pa mafunso awiriwa chigawo choyamba cha Stranger Things chimakhoza, ndipo zigawo zinayi zotsatira zimakhoza mwa apo ndi apo. Seweroli lidayamba ndi ana akusewera Dungeons & Dragons m'chipinda chapansi cha nyumba ya a Wheeler, ndipo lidathera m'chipinda chomwecho, ana ena atakhala pa tebulo lomwelo kuyambanso masewera omwewo. Ambiri adakhetsa misozi, ndipo misozi yawo sindikuinyoza. Koma nkhani yoopsa imene ikutha ndi lonjezo lakuti zonse zidzabwerera monga zinalili yasiya ntchito yake, pakuti mantha amaphunzitsa kuti zina zikapita sizibwerera. Nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo abale a Duffer adachezera ndi imodzi zaka 9.